Tiyambe Tawerenga Kutentha Kumene Kukuthawa

Caka ciri conse mwezi wa Juni ukafika, nkhani ya anapiye imabweranso pakati pathu. Mlimi amagula anapiye a tsiku limodzi mazana awiri, nawasonkhera mbaula, iye nkugona pa mpando pakhomo pa khola kuti moto ungazime. Akangosinza pang'ono mbanda kuca, amapeza anapiye ataunjikana pa ngodya, apansi atafa ndi kupsinjika. Mnzake amatseka mazenera onse kuti kufunda kusaturuke, ndipo mpweya woipa wa makala, umene suoneka ndi maso, umapha anapiye amene cisanu cinawasiya. Ndalama ya ngongole imathera m'dzenje la zinyalala.

Motero sitinadabwe pamene ophunzira athu ena anabwera ndi ganizo lakuti khola latsopano la anapiye likhale lofunda kucokera pansi. Anafuna kuti mapaipi a madzi otentha akwiriridwe m'simenti, kuti mbaula ndi utsi wake zitsale panja. Anatsegula kompyuta, nationetsa pulogalamu yojambula mapaipiwo, yokhoza kunena utali wao, mpata wa pakati pao, ndi kutentha kwa madzi oyendamo. Cithunzi cinali cokongola, ndipo ena a ife tinafuna kuitanitsa mapaipi tsiku lomwelo. Tinaleza mtima, ndipo tifuna kukufotokozerani cifukwa cake.

Nzeru yofunditsa nyumba kucokera pansi njakale. Aroma anali kupititsa mpweya wa moto kunsi kwa nyumba zao zosambiramo, ndipo anthu a ku Korea akhala zaka mazana ambiri akugona pansi potenthedwa ndi utsi wa m'khicini, njira imene amaicha ondol. Lero ku Ulaya ndi ku America amagwiritsa nchito mapaipi a pulasitiki, ndipo mapulogalamu onga LoopCAD anapangidwira amisiri a kumeneko. Mapulogalamu amenewa asanajambule paipi ngakhale imodzi, amayamba awerenga kutentha kumene cipinda cimataya. Ife tikuti ciwerengero cimeneci ndico mutu wa nkhani yonse, ndipo wophunzira wathu ali yense ayenera kucipeza ndi pensulo asanakhudze kompyuta.

Masamu ake sali obvuta. Khoma, denga ndi zenera, ciri conse ciri ndi nambala yake yosonyeza mawati amene amadutsa pa sikweya mita imodzi kukakhala kusiyana kwa digiri imodzi pakati pa mkati ndi kunja. Nambala imeneyi timaiculukitsa ndi kukula kwa khomalo kapena dengalo, kenaka ndi kusiyana kwa madigiri. Tiyerekeze cipinda ca mamita 4 m'lifupi, mamita 5 m'litali, ndi makoma a mamita 2.5. Anapiye a sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 35 pamene agona, conco tinene kuti mpweya wa m'cipinda ukhale pa 30, pamene kunja m'mamawa wa Julayi kuli 10. Kusiyana ndi madigiri 20.

Denga la malata okhaokha liri ndi nambala yoyandikira 6. Masikweya mita 20 kuculukitsa ndi 6, kenaka ndi 20, tipeza mawati 2,400. Makoma a njerwa zoocha ali ndi nambala yoyandikira 2, ndipo masikweya mita ake 45 amataya mawati 1,800. Anapiye afunikanso mpweya wabwino. Mpweya wonse wa m'cipindamo ukamasinthidwa kawiri pa ola, mawati ena pafupifupi 660 amapita nao. Zonse pamodzi zifika pafupi ndi mawati 4,900, ndiko kunena mawati oposa 240 pa sikweya mita iri yonse ya pansi.

Tsono tifunse cimene pansi pofunda pangapereke. Simenti yotentha imapatsa cipinda mawati pafupifupi 11 pa sikweya mita pa digiri iri yonse imene yaposa nayo mpweya. M'nyumba ya ku Ulaya mpweya umakhala pa madigiri 20, ndipo muyezo wa kumeneko, EN 1264, umalola pansi pokhala anthu kufika pa 29. Kusiyana kwa madigiri 9 kumapereka mawati 100, ndipo nyumba yochingidwa bwino imakwanira nao. M'khola la anapiye mpweya uli kale pa 30. Pansi pakakhala pa 33, kusiyana ndi madigiri atatu okha, ndipo mawati ndi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Cipinda cifuna 240, pansi pakupereka 30. Kuti mapaipi akwanitse okha, simenti iyenera kupitirira madigiri 50, ndipo pamenepo palibe mwanapiye angapondepo.

Pulogalamu ija ikadaona bvuto limeneli ikadauzidwa zoona. Koma inadza ndi manambala a kwao oikidwiratu: cipinda ca madigiri 20, denga locindikala, ndi cochinga kunsi kwa simenti coletsa kutentha kulowa m'nthaka. Sinadziwe kuti ife timayala utuci pansi, ndi kuti utuci umatsekereza kufunda monga bulangeti. Wophunzira anasintha dzina la cipinda ndi miyezo ya makoma, zotsalazo nazisiya monga anazipeza, ndipo kompyuta inamuyankha molimba mtima yankho la nyumba ya munthu wa ku dziko lina. Munthu amene anawerengapo yekha pa pepala akadaona msanga kuti yankholo lacepa kwambiri.

Ena mwa ife anatsutsa, ndipo mau ao ali ndi nzeru. Anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sikuyenera kuti malo ophunzitsira alimi aziopa cida catsopano. Anatinso pensulo imalakwitsa, pamene kompyuta siitopa, ndipo ikhoza kuyesa mitundu khumi ya denga m'nthawi imene munthu ayesa umodzi. Tibvomereza zonsezi. Kugawa mapaipi m'mizere yofanana utali kuti madzi asathamangire mbali imodzi, ndi kusankha pampu yoyenera, ndi nchito imene pulogalamu imaicita bwino kuposa ife. Sitikuikana. Tikungonena kuti iperekedwe m'manja mwa munthu wodziwa kale kukula kwa yankho limene akuliyembekezera, wokhoza kunena kuti apa palakwika.

Masamu omwewo anationetsa kumene ndalama yoyamba iyenera kupita. Siling'i yokhala ndi cochinga pamwamba pake ikhoza kutsitsa nambala ya denga kucoka pa 6 kufika pa 1. Mawati 2,400 aja amatsika kufika pa 400. Mawati 2,000 apulumuka usiku uli wonse popanda khala limodzi, popanda pampu, popanda paipi. Ngakhale mlimi amene sadzakwirira mapaipi m'moyo wake wonse apindula ndi cidziwitso cimeneci, pakuti thumba lake la makala lidzakhalitsa.

Cinanso tinaciphunzira kwa thadzi. Thadzi safunditsa khola lonse. Amafungatira ana ake pa kamalo kakang'ono, iwo nkumaturuka kukatola cakudya ndi kubwereranso akamva mphepo. Tikachinga kamalo ka mamita awiri mbali zonse, nkukaikira cibvundikiro cacifupi cosiya mpata wa mpweya, kutentha kofunika kumacepa kwambiri, ndipo pamenepo mapaipi a pansi ayamba kukhala ndi tanthauzo. Ndi momwenso alimi a nkhumba amacitira: amafunditsa pogona ana okha, amene amafuna madigiri pafupifupi 30 m'masiku oyamba, make nkukhala pozizirirapo cifukwa kutentha kumamulepheretsa kudya.

Pali funso lina limene pulogalamu siifunsa. Pampu imayenda ndi magetsi. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Simenti imasunga kufunda kwa kanthawi, koma usiku wa Julayi ngwautali. Amene aika moyo wa anapiye pa pampu ayenera kudziwiratu cimene adzacita magetsi akazima pakati pa usiku, kaya ndi batire ya sola, kaya ndi mbaula yosungidwa pafupi.

Conco tagwirizana motere. Khola latsopano liyamba ndi siling'i ndi kamalo kochingidwa. Copimira kutentha cidzapacikidwa mkati pa msinkhu wa mwanapiye, cina panja, ndipo ophunzira adzalemba manambala m'buku mbanda kuca uli wonse kufikira nyengo yozizira itatha. Ali yense adzawerenga kutentha kotayika pa pepala. Pambuyo pake tidzatsegula kompyuta, tidzacotsa manambala a kwao ndi kuikamo athu, ndipo tidzaona ngati mayankho awiriwo agwirizana. Akagwirizana, ndipo mtengo ukalola, mapaipi adzagulidwa.

Ambuye wathu anaphunzitsa, m'caputala 14 ca Luka, za womanga nsanja amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerenga mtengo wake. Ndalama zimene timamangira pano ndi zopereka za Akristu ndi thukuta la alimi, ndipo paipi yokwiriridwa m'simenti siifukulika popanda kuswa pansi ponse. Abale ndi alongo amene mukukonzekera kumanga khola caka cino, bwerani ndi miyezo ya makoma ndi denga lanu pa tsiku la maphunziro a nkhuku. Tidzakhala pansi pamodzi, tiwerenge.