Mitengo idziwa kukwera, nanga kutsika?

Masiku ano m'minibasi mwadzala akatswiri. Basi isanacoke pa Kulima Tower, wina wayamba kale za Putin, wina za dola, wina za China. Ine sindiwaseka, cifukwa zimene akamba n'zoona.

Russia italowa m'dziko la Ukraine mu February 2022, mafuta ndi fataleza zinakwera pa dziko lonse. Ife tilibe citsime ca mafuta. Dizilo ibwera na paipi ya TAZAMA kucokera ku Dar es Salaam, ndipo timagula na madola. Madolawo ambiri timawapeza pogulitsa kopa, imene mtengo wake umapangidwa ku London. Kuyambira 2022 bungwe la ERB linayamba kuona mitengo ya mafuta mwezi uliwonse, motero zocitika kutali zimafika msanga m'thumba mwathu.

Kwathu ku Mkaika, m'boma la Katete, nkhaniyi imapweteka kawiri. Mlimi amagula fataleza wodula, wobwera pa thiraki ya dizilo yodula. Akakolola, wogula cimanga amamucotseranso ndalama ya thiransipoti. Mwana wake wa ku Lusaka akafuna kupita ku Kulamba mu August, amayamba waganiza kawiri pa Intercity, cifukwa ndalama ya tikiti ndi yomwe akanatumiza ya thumba la fataleza.

Koma cimene cimandivuta ndi ici. Zinthu zikavuta kunja, mitengo imakwera m'mawa mwake. Zikakhala bwino, onse ziii. Dziko lathu linalephera kubweza nkhongole mu November 2020, ndipo mu June 2023 linagwirizana ndi maiko amene tinakongolako, kuphatikizapo China, pa madola 6.3 biliyoni. Mu 2025 kopa inakwera mtengo, kwaca nayo inalimba. Nanga mu shopu ya pa Katete munaona kusintha kofanana? Dola ija inali cifukwa cokwezera, bwanji manje siikhala cifukwa cotsitsira?

Sindikuti tizikangana ndi ba kondakita, iyai. Iwo ali na keshi ya abwana yofunika kukwanitsa madzulo. Mafunso apite kwa eni mabasi, ogulitsa fataleza ndi aphungu athu. ERB ikalengeza mtengo watsopano, tiusunge m'mutu pamodzi ndi mtengo wa dola. Wogulitsa akati vuto ndi nkhondo, timufunse mwaulemu kuti mafuta akatsika adzatsitsa liti. Ndale za dziko lonse tazidziwa kale, anzanga. Catsala n'kufunsa cenji yathu.