ZIMBABWE: Maphunziro a utolankhani wa zaulimi aike mlimi patsogolo

HARARE – Mvula ikangoyamba mu November, malo opanda nyumba ku Waterfalls, kum'mwera kwa mzinda wa Harare, amasanduka minda ya chimanga. Komabe alimi a m'tauni amenewa satchulidwa kawirikawiri m'nyuzipepala, kupatula pamene khonsolo ya mzinda yatchetcha mbewu zawo kapena yawachenjeza za lamulo loletsa kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera kumtsinje.

Zimenezi zikudzutsa funso kwa sukulu zophunzitsa utolankhani monga Harare Polytechnic: kodi mtolankhani wa zaulimi akuphunzitsidwa kutumikira yani?

Cholinga choyamba cha maphunzirowa chiyenera kukhala kudziwa ulimi weniweniwo. Pamene mbozi za ntchemberezandonda zinaononga chimanga kum'mwera kwa Africa m'nyengo ya 2016/17, mlimi ankafuna kudziwa momwe angazizindikirire ndi nthawi yothira mankhwala. Mtolankhani wosasiyanitsa mbozi imeneyi ndi kapuchi akhoza kusocheretsa anthu ambiri ndi nkhani imodzi.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza zilankhulo 16, kuphatikizapo Chichewa, ndipo wailesi ya National FM imaulutsa mapologalamu m'chilankhulochi. Ambiri mwa ochilankhula ndi ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Boma litayamba kulanda mafamu a azungu mu 2000, ambiri anachotsedwa ntchito popanda kupatsidwa malo olima, ndipo ena anasamukira m'matauni. Kwa mabanja oterewa, kamunda ka m'mphepete mwa msewu ndiye nkhokwe, koma malangizo olembedwa m'Chingerezi chovuta sawafikira. Ku Malawi, magazini ya unduna wa zamalimidwe ya Za Achikumbi ndiponso bungwe la Farm Radio Trust aonetsa kuti nzeru za akatswiri zikhoza kufotokozedwa m'chilankhulo cha mlimi.

Chachitatu, chomwe ndi chovuta kwambiri, ndi kuima paokha. Boma litakhazikitsa ndondomeko ya ulimi wa m'mayenje ya Pfumvudza mu 2020, ntchito ya mtolankhani sinali kubwereza mawu a nduna, koma kufufuza ngati mbewu ndi feteleza zafika pa nthawi yake komanso kwa oyenera kulandira. Chimodzimodzinso mu April 2024, pamene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti chilala cha El Niño chadzetsa ngozi m'dziko: kuunika kagawidwe ka chakudya kunafunika mtolankhani wodziwa kuwerenga ziwerengero za zokolola, wosadalira galimoto ya boma kapena ya kampani yogulitsa mbewu kuti akafike kumunda.

Sukulu ikalephera kuphunzitsa zinthu zitatuzi, imatulutsa mneneri wa unduna m'malo mwa mtolankhani, ndipo mlimi wa ku Waterfalls amatsala wopanda womulankhulira.