Aphungu Osavoteredwa: Msampha Womwe a Pinochet Anatchera Dziko la Chile

Nthawi ndi nthawi timamva mafumu, a mipingo ndi a mabungwe ena akudandaula kuti nyumba ya Seneti ibwerere. Akunena zoona kuti malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 anali ndi nyumba yachiwiri ya malamulo ya anthu 80, ndipo kuti aphungu anaichotsa m'chaka cha 2001 isanakumane ndi tsiku limodzi lomwe. Dandaulolo ndikulimva. Koma tisanayambe kuomba m'manja, tiyeni tione kaye zomwe zinawagwera anzathu a ku Chile, ku South America. Iwonso, monga ife mu 1993, anathetsa ulamuliro wa munthu mmodzi kudzera pa riferendamu, koma atalowa m'boma anapeza kuti mwini ulamuliro uja wawasiyira alonda m'nyumba ya malamulo.

General Augusto Pinochet analanda boma pa 11 September 1973, kugwetsa Pulezidenti Salvador Allende. Pa zaka 17 za ulamuliro wawo anthu oposa 3,000 anaphedwa kapena kusowa osaonekanso. Koma mkuluyu sanali wa mfuti yokha ayi, ankaonanso patali. Mu 1980 anakhazikitsa malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo m'menemo ndi momwe anabisamo msampha wake.

Pa 5 October 1988 anthu anafunsidwa ngati a Pinochet apitirize kulamula zaka zina 8. Anthu pafupifupi 56 mwa 100 alionse anati ayi. Chaka chotsatira kunachitika chisankho, a Patricio Aylwin napambana upulezidenti, ndipo mgwirizano wa zipani zawo wotchedwa Concertación unatenga mipando 22 mwa mipando 38 ya mu Seneti yomwe anthu anavotera. Zipani zoyanja boma lakale zinapeza 16. Mwana wa sitandade 2 angakuuzeni yemwe anapambana apa.

Koma malamulo a 1980 aja anali atasunga mipando ina 9 yomwe munthu wamba sankaiona pa pepala lovotera. Mipando inayi inali ya akuluakulu opuma a asilikali a pamtunda, a pamadzi, a m'mlengalenga ndi apolisi, osankhidwa ndi khonsolo yoona za chitetezo cha dziko, momwe munadzaza akuluakulu a asilikali. Itatu ankaigawa ndi a Khoti Lalikulu: majaji awiri opuma ndi mmodzi yemwe anakhalapo mkulu wolondoloza chuma cha boma. Iwiri yotsala ankagawa ndi Pulezidenti mwini, wina kwa nduna yakale, wina kwa mkulu wakale wa yunivesite. Onsewa anasankhidwa a Pinochet adakali pampando. Tsono werengani nokha: 16 kuphatikiza 9 ndi 25. Opambana chisankho aja ndi 22 yawo anasanduka ochepa.

Chopweteka kwambiri n'chakuti msamphawu unkadziteteza wokha. Kuti mipando yopatsanayi ithe pankafunika kusintha malamulo oyendetsera dziko, ndipo kusinthako kumayenera kudutsa mu Seneti yomweyo, ndi mavoti ochuluka kuposa theka. Kunali ngati kupempha fisi kuti avomereze lamulo lomuthamangitsa m'khola. A Aylwin anayesa, a Eduardo Frei omwe anawalowa m'malo mu 1994 anayesanso, koma zinkakathera pakhomo pa Seneti.

Mpando wonona kwambiri a Pinochet anadzisungira okha. Lamulo linkati yemwe walamulapo dziko zaka 6 adzakhala seneta wamuyaya. Ife mawu oti "wamuyaya" timawadziwa bwino. A Aylwin, osankhidwa ndi anthu, analamula zaka 4 zokha, choncho sanaupeze mpandowo. Yemwe analowa ndi mfuti ndiye anaupeza. Mu March 1998 a Pinochet anavula yunifolomu ya mkulu wa asilikali, ndipo m'mawa mwake analumbira ngati seneta mumzinda wa Valparaíso, aphungu ena atanyamula zithunzi za anthu omwe anasowa mu ulamuliro wawo. Mpandowo sunali wa ulemu chabe, unkawatchinjiriza kuti asazengedwe milandu mwachisawawa. Koma mlandu suola. Mu October chaka chomwecho anamangidwa ku London, komwe anapita kukalandira chithandizo cha mankhwala, potsatira pempho la jaji wa ku Spain, a Baltasar Garzón. Anabwerera kwawo mu March 2000 ati kaamba ka kudwala, koma atangotsika ndege anadzuka pa njinga ya odwala n'kuyamba kuyenda. Useneta anautula mu 2002.

Ena adzati ndasankhira dala chitsanzo choipa. Adzati nyumba yachiwiri imafuna anthu anzeru, odziwa zinthu, omwe sangalimbe kukwera pa nsanja kukalonjeza milatho. Mfundoyi si yopanda pake. Ku India Pulezidenti amasankha anthu 12 aluso kulowa m'nyumba ya Rajya Sabha, ndipo ku Italy kuli maseneta amuyaya ochepa osankhidwa kaamba ka ntchito zawo zotamandika, monga analili malemu mayi Rita Levi-Montalcini, katswiri wa sayansi yemwe analandira mphoto ya Nobel. Komabe ngakhale ku Italy komweko, pakati pa 2006 ndi 2008, boma la a Romano Prodi linapulumuka kangapo ndi mavoti a maseneta amuyayawa, otsutsa boma n'kumalira kuti akugonja kwa anthu omwe sanalowe m'nyumbamo ndi voti ya anthu. Munthu akangopatsidwa voti m'nyumba ya malamulo wasanduka wandale, kaya ali ndi madigiri angati.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani ya ku Chile si a Pinochet ayi, koma momwe mipandoyi inathera. Nthawi yosankha maseneta ena itakwana, a Frei, omwe ankadana ndi mipandoyi, anaikapo anthu awo, mmodzi mwa iwo a Edgardo Boeninger, nduna yakale ya a Aylwin. A Frei eni ake atatsika pa upulezidenti mu 2000 anakakhala seneta wamuyaya. Apa a zipani zoyanja boma lakale anayamba kuwerengera zala: a Ricardo Lagos akamaliza zaka zawo 6 nawonso adzalowa, ndipo boma lidzapitiriza kudzazamo anthu ake. Mwadzidzidzi omwe anateteza mipandoyi zaka 15 anazindikira kuti ndi yosemphana ndi demokalase! Mu 2005 malamulo anasinthidwa, a Lagos nasayinira, ndipo mu March 2006 maseneta osavoteredwa anatuluka. Sindikukhulupirira kuti panali kulapa kulikonse. Mkondo unali utatembenukira kwa eni ake, basi.

Tibwerere kwathu. Tinaonapo kale aphungu ochita kuikidwa m'nthawi ya chipani chimodzi, pomwe Dr Banda ankatha kulowetsa mu Nyumba ya Malamulo anthu omwe awafuna. Seneti ya 1994 sinapereke mphamvu yotere kwa Pulezidenti, izi tivomereze. Koma taonani kagawidwe kake. Maseneta 24 akanasankhidwa ndi makhonsolo a m'maboma, 24 ena akanakhala mafumu osankhidwa ndi mafumu anzawo, ndipo 32 otsalawo, oimira amayi, olumala, alimi, ogwira ntchito, a zipembedzo ndi ena, akanasankhidwa ndi maseneta anzawo omwe alowa kale. Pa anthu 80 panalibe ndi mmodzi yemwe wolowa ndi voti ya mayi wa ku Nthalire kapena mlimi wa ku Makhanga mwachindunji. Ndipo mafumu omwe akanasankha nawo anthu 32 aja amalandira mswahara kuchokera ku boma, komanso yemwe amawakweza pa udindo ndi Pulezidenti.

Choncho kwa omwe akufuna Seneti ibwerere ndili ndi mafunso awiri okha, ndipo ayankhe polemba, osati pa msonkhano. Seneta aliyense adzamuika pampando ndani? Nanga akayamba kuvotera zofuna za yemwe anamuikayo, anthu a kwawo adzamuchotsa bwanji, ndipo patatha zaka zingati?