Bokosi la Mau Akulu Likakhala Cete

M'midzi yambiri tsopano muli zoimbira za home theatre zogulidwa ndi ndalama za fodya ndi nshawa. Pakati pa masipika ake pali bokosi lalikulu lochedwa subwoofer, limene limatulutsa mau apansi okhaokha, aja ogunda m'cifuwa monga ng'oma yaikulu. Likakhala cete, kalindula amamveka ngati ndiwo zopanda mcere, ndipo mwini wace athamangira kukwera basi kupita nalo kwa wokonza ku tauni. Koma kawirikawiri bokosilo silinafe ai.

Yambani mwayang'ana kumbuyo kwace. Lili ndi swichi yaceyace, ndiponso kotembenuza kokweza mau, kamene ana amakonda kuseweretsa. Ngati kanyali kace sikayaka konse, bvuto ndi moto. Inu a sola kumbukirani kuti bokosili limadya moto kuposa masipika ena, motero batire ikafooka madzulo lingathe kuleka.

Kanyali kakayaka koma mau kulibe, citani ici. Cepetsani mau, muzule cingwe cace pamene calowera m'makina aakulu, pa kauna kolembedwa SUB OUT kapena LFE, ndipo mukhudze nsonga yace ndi cala. Musaope, sicigwira munthu. Mukamva kulira kwa "mmm", bokosi ndi cingwe zili bwino, colakwa cili m'makinawo. Pamenepo tsegulani menyu: ngati pa Subwoofer palembedwa No, sinthani pakhale Yes. Masipika enawo akhale pa Small, cifukwa akakhala pa Large makina ambiri amapereka mau apansi kwa iwo nasiya bokosi lalikulu lilibe coimba. Malire a mau, ochedwa crossover, muike pa 80 Hz.

Mukapanda kumva kanthu, bwerekani cingwe cina muyese. Makoswe sasankha cimanga cokha.

Alipo mabokosi ena opanda pulagi ya magetsi, okhala ndi mawaya awiri cabe. Amenewa acotseni ku makina, mugunditse mawayawo kamphindi pa batire ya toci ya 1.5 V. Sipika yamoyo imathetheka nigwedezeka.

Fyuzi ikapsa, gulani ina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira la ndudu, monga acitira ena, ndiko kuocha makina onse, mwinanso ndi nyumba yomwe. Yatsopano ikapsanso, pamenepo ndiye konzani ulendo wa kwa wokonza, ndipo musatsegule bokosilo nokha, pakuti m'kati mumatsala moto ngakhale mutazula pulagi.