ZA UMOYO PAKHOMO: Mutu ukasokonekera, tithamangire kuti?

Mwana akakomoka ndi malungo palibe amafunsa kopita, njinga imapezeka ngakhale pakati pa usiku. Koma mnyamata akatha masiku atatu osagona, akuyankhula yekha, kapena bambo wolemedwa ndi ngongole ya katapila akayamba kugawa maukonde ake ndi kutsanzika abale, timangoyang'anana, kenaka n'kutseka chitseko kuopa manyazi. Amenewanso ndi matenda ofunika changu.

Choyamba, musamusiye yekha munthu wotere. Chotsani zingwe, mipeni, mapiritsi ndi mankhwala a makoswe monga tameki, mukasungitse kwa anansi. Kenaka khalani naye pansi mumufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa kuti funsoli limupatsa maganizo oipa. Ayi ndithu, kawirikawiri limamupeputsa mtima. Akayankha, mvetserani, ulaliki ndi kudzudzula zidikire tsiku lina.

Ngati wamwa kale poizoni, musamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi mkaka kapena madzi a mchere. Tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo, thamangani naye kuchipatala chapafupi.

Nkhani ya majini tiyikambe poyera. Kuitana Shehe kuti apange dua ndi chinthu chabwino, koma dua ichitike muli paulendo, osati kudikira sabata yonse kuti muone ngati jini lichoke. Munthu amene wasokonekera mwadzidzidzi thupi likutentha akhoza kukhala ndi malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo amenewa amapha msanga. Chamba ndi khunyu nazo zimasokoneza mutu. Palinso mayi wongobereka kumene amene, makamaka m'masabata awiri oyamba, amasiya kugona n'kuyamba kumva mawu kapena kuopa khanda lake. Musamutche mfiti kapena waulesi. Akudwala, ndipo amachira. Asatsale yekha ndi mwana.

Kumanga wodwala ndi unyolo pamtengo, monga timaonera m'midzi ina, kumangowonjezera mantha ndi zilonda. Achepe anthu omuzungulira, ayankhule mmodzi yekha amene wodwalayo amamukhulupirira. Akafika poopseza moyo wa ena, pemphani apolisi akuthandizeni kumufikitsa kuchipatala.

Si kuti muyambire ku Zomba. Pitani kuchipatala chaching'ono cha kwanu kapena cha boma ku Mangochi, Salima ngakhale Nkhotakota, mufunse namwino woona za matenda a maganizo. Iwowa ndiwo amatumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital pakafunika kutero. A St John of God aliponso ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati ndi mwana kapena wachinyamata, nambala ya 116 ndi yaulere. Musaiwale buku la kuchipatala, ndipo apite nawo munthu amene waona mmene zinayambira.

Akatuluka, mankhwala asasiyidwe chifukwa choti akuoneka bwino. Ramadhani ikayandikira, kafunseni adokotala ngati nthawi yomwera ingasinthidwe kukhala ya futari ndi daku. Akakana, wodwala ali ndi chilolezo chosafunga.