Chisoso, mlendo woyenda pa buluku

Lamulungu lapitali ndinadzera njira yachidule ya m'munda popita kutchalitchi, ndipo ndinakafika chisoso chili waa mpaka m'mawondo. Ulaliki wonse ndinaumva ndikuthothola timinga takuda pabuluku, kamodzikamodzi, mayi amene anakhala pafupi nane akudziletsa kuseka.

Timinga timeneti ndi mbewu. Tatengani kamodzi mukayang'anitsitse. N'kowonda ngati singano yothyoka, ndipo kumutu kuli timano tiwiri, pena titatu kapena tinayi, tokhala ndi tingowe toloza m'mbuyo. Kulowa pansalu sikavuta, koma kuti katuluke mpaka mulimbane. Galu, mbuzi, chitenje cha mayi wopita kumjigo, onsewa ndi matola aulere a chisoso.

Ndipo chayenda ndithu. Ambiri timachiyesa chathuchathu, chonsecho kwawo n'kumadera otentha a ku America. Carl Linnaeus anachitcha Bidens pilosa mu 1753, dzina lonena za mano awiri aja ndi ubweya wake. N'chapachibale ndi mpendadzuwa. Chimene timati duwa limodzi, chachikasu pakati chija, ndi timaluwa tambirimbiri tothithikana, kalikonse n'kambewu kakekake. Tsinde lake lili ndi ngodya zinayi. Lipotokoleni ndi zala, mumva nokha. Moyo wake ndi waufupi. Chimamera ndi mvula yoyamba, kuchita maluwa, n'kuuma, koma chitamwaza kale ana ankhaninkhani m'dothi.

M'nkhalango yowirira simungachipeze. Chimakonda pamene munthu watakasa nthaka: m'mizere, m'mbali mwa msewu, kuseri kwa khola, padzala. Chimatilondola ifeyo.

Agogo anga ankachidziwa bwino. Popalira ankachisiya dala apa ndi apo, ngakhale ife ana tinkaona ngati maso ayamba kuwavuta. Ikafika Januwale, nkhokwe itapepuka, ankatsina nsonga zanthete maluwa asanatuluke, poti chikakhwima chimawawa. Kuwiritsa pang'ono, tomato, kutendera, nsima n'kutsetsereka. Chotsala ankafutsa n'kuyanika pamphasa, mfutso wake n'kudzatipulumutsa mu Okutobala masamba atasowa.

Mnansi wanga masiku ano khasu analitaya, amangopopera mankhwala opha udzu. Sindimunena, aganyu adula ndipo msana ndi umodzi. Munda wake uli mbee, chisoso, bonongwe ndi luni zonse psiti. Ngakhale kotsala m'malire palibe angayerekeze kukathyola, poti sudziwa pamene mankhwala anafika.

Dzana ndinamupeza pamsika akunenerera mpukutu wa mpiru, ati adzalipira kumapeto kwa mwezi.