Fano Lopangidwa ndi Ndolo Zathu Zomwe



Tikamva mawu akuti mafano, ambiri a ife timaganiza za ziboliboli zosema, ndipo timadziyesa opanda mlandu. Komatu fano ndi chilichonse chimene mtima wa munthu umachiopa, kuchidalira ndi kuchitamanda m'malo mwa Mulungu. M'kalata ino tikufuna kukamba za fano limodzi limene lazika mizu pakati pathu: kupembedza atsogoleri a ndale pamodzi ndi ndalama zimene amagawa.

Mutu 32 wa buku la Eksodo ukutikumbutsa kuti Aisraele ataona kuti Mose akuchedwa kuphiri, anaumiriza Aroni kuti awapangire mulungu wooneka ndi maso. Golide wake sanachokere kutali ayi: zinali ndolo za m'makutu mwa akazi awo ndi ana awo. Anavula chuma chawo chomwe, n'kuchisungunula, kenaka n'kugwadira mwanawang'ombe uja ngati kuti ndiye anawatulutsa ku Ejipito.

Ife Amalawi njira imeneyi tinaiyendapo. Mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pakhomo la msika kapena pokwera basi, ndipo ena amene anafunsa mafunso anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu anasankha ndale za zipani zambiri. Tinayesa kuti fano lagwa. Koma mu Julaye 2002 bilu yoti Pulezidenti aziimira popanda malire inangotsala pang'ono kudutsa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo atidyenawo ankaimba kuti palibenso wina angatsogolere dziko lino.

Masiku ano palibe amene amatikakamiza kugula khadi, koma timagwada tokha. Mtsogoleri akamangitsa mlatho kapena kugawa chimanga pa nthawi ya njala, timamutamanda ngati watapa m'nkhokwe yake, chonsecho ndi misonkho imene timalipira pogula sopo, shuga ndi mafuta a galimoto. Kodi si ndolo zathu zomwe zija? Malamulo a dziko lino amanena momveka kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wolamulira amangozisunga m'malo mwawo. Wantchito akagwira bwino ntchito yake ayenera kuyamikidwa, koma osati kugwadiridwa.

Fano lililonse limafuna nsembe. Ili limadya chilungamo, chifukwa wolipembedza amasiya kufunsa kumene ndalama zachokera. Mu 2013 zinaululika kuti mabiliyoni a makwacha anabedwa ku Capital Hill m'nkhani ya Cashgate, pamene odwala m'zipatala ankauzidwa kuti akagule okha mankhwala. Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma lamulo lingathe bwanji kugwira ntchito ngati ife eniake tikupita kumsonkhano titatambasula kale manja?

Pano tiyenera kudziloza chala ife a mumpingo, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kangati pa Pepa Sande tapereka mpando wakutsogolo kwa wandale wobwera ndi envulopu yonenepa, n'kumulola kulankhula paguwa, pamene mayi wamasiye amene amasesa tchalitchi sabata ndi sabata wakhala pansi kukhomo? Mtumwi Yakobo, m'mutu 2 wa kalata yake, anadzudzula tsankho lotereli. Denga la malata lingakhale lokongola ndithu, koma ngati mtengo wake ndi kutseka pakamwa pa mlaliki, talipira modula kwambiri.

Sitikunena kuti ndale ndi zoipa. Atsogoleri tiyenera kuwalemekeza ndi kuwapempherera, ndipo akhristu oopa Mulungu tikuwalimbikitsa kuimira pa mipando. Chimene tikupempha n'chakuti kalata ino ikambidwe m'miphakati ndi m'magulu onse a mpingo, ndipo makhonsolo a matchalitchi agwirizane poyera za momwe angalandirire mphatso za andale: zilembedwe m'buku monga chopereka cha mkhristu wina aliyense, popanda kulengeza dzina la chipani ndiponso popanda kupereka maikolofoni pa nthawi ya mapemphero.